Tayala Limene Sindinamange

Abale ndi alongo, moni nonse. A Mwale, zikomo pondipatsa mpata. Inu amene mwangoweruka kumene ku dyuti ndipo maso akulemera, pirirani pang'ono, basi sikusiyani.

Ine ndine Lufeyo Sitima, kwathu ndi ku Balaka. Ena mumandidziwa. Ena munangomva mbiri yakuti kuli Mmalawi wina amene anaphwanyitsa galimoto ya mpikisano ataledzera. Mmalawiyo ndine, ndipo mbiriyo ndi yoona. Sindinabwere kudzaikometsa. Ndabwera kuti muimve kuchokera kwa mwini wake, chifukwa m'chipinda muno ndikuona nkhope zina zofanana ndi mmene inalili yanga nthawi imeneyo.

Kwathu ndinkamata matayala pansi pa mtengo pafupi ndi depoti. Kuno ku Doha ndinabwera pa kontirakiti ya udalaivala, m'nyumba ina ku Al Messila. Bwana tinkawatchula kuti Abu Nasser, kutanthauza kuti bambo a Nasser. Nasser ndiye mwana wawo woyamba, mnyamata wamtali, wofatsa, amene mutu wake wonse unali pa mipikisano ya magalimoto. Ine yanga inali kupititsa ana kusukulu ndi amayi kumsika. Za mipikisano sindinkazidziwa n'komwe.

Tsiku lina anandituma ndi pikapu yokoka ngolo kuti ndikatenge katundu kudoko. Anandiphatikiza ndi makaniko wamkulu wa Nasser, dzina lake Rajan, bambo wamfupi wa imvi zake wa ku Sri Lanka, wosakonda zolankhulalankhula. Katunduyo anali galimoto yogula ku Ulaya, yoti inathamangapo kale kumeneko. Ndi ya mtundu umene amati GT. Kunja imaoneka ngati magalimoto odula aja a zitseko ziwiri amene mumawaona pamsewu wa m'mbali mwa nyanja uja wa Corniche, koma m'kati mulibe kanthu. Muli mpando umodzi, zitsulo zopingasana zoteteza dalaivala, ndi mawaya basi. Yathuyo inafika ili yotuwa, penti itasupukasupuka, ikununkha mafuta.

Pobwerera, tayala la ngolo linaphulika pamsewu. Ndinatsika, kukweza jeki, kusintha. Rajan anangoima n'kumandiyang'ana. Nditamaliza anandifunsa m'Chingelezi chake chodukaduka:

“Ntchito iyi unaphunzira kuti?”

“Ku Balaka.”

“Balaka ndi timu yanji?”

Ndinaseka mpaka misozi. Iye sanaseke. Sabata yomweyo anakandipempha kwa Abu Nasser, ndipo ndinachoka pa ana asukulu n'kulowa m'galaja.

Galimotoyo inatizunza, abale. Anaipangira maiko ozizira, ndiye kuno imangoti ikazungulira bwalo kangapo, injini yatentha, nthunzi fuu. Bwalo lake ndi lija lili kunja kwa tauni, m'chipululu, kumene mphepo imabwera ndi mchenga. Chaka choyamba tinkapita ndi chiyembekezo, n'kubwerako tikuikoka. Anzathu a matimu ena ankatiseka kuti tabweretsa ketulo.

Rajan sankakwiya. Akabwerako ankakhala pa tayala, kuyang'ana galimotoyo nthawi yaitali, kenako n'kudzuka ndi choko m'manja. Anaboola boneti kuti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba. Anaika rediyeta yaikulu. Kutentha kutatha, anayamba mabuleki. Ankafiira ngati makala, ndipo Nasser akaponda, phazi linkangolowa. Tinawapangira mapaipi obweretsa mphepo kuchokera kutsogolo. Mabuleki atakhala bwino, kumbuyo kunayamba kutaya pa makona, galimoto n'kumayenda chammbali. Tinasintha phiko lija limakhala kumbuyo, lomwe limaikanikizira pansi ikamathamanga. Tinasintha masipuling'i, kuyesa, kuchotsa, kuyesanso. Chilichonse ukakonza, chimadzutsa china. Ine ndinkangogwira tochi ndi kupereka masipanala, koma ndinkaphunzira.

Chaka chachiwiri inayamba kumaliza mipikisano. Tinkakhala kumapeto, kenako pakati. Anaipaka penti yabuluu woderako. Tsiku lina Nasser akumvetsera kulira kwa injini anandifunsa kuti mphepo yamkuntho yobwera ndi mvula timaitcha chiyani kwathu. Ndinati Namondwe. Analiyesa dzinalo pakamwa kangapo, ndipo m'mawa mwake linali litalembedwa pachitseko. Mwarabu, Msirilanka, anyamata a ku Nepal, onse ankati Namondwe.

Chaka chachitatu, pa mpikisano wautali wa maola ambiri, Namondwe anatha pa nambala yachitatu. Tinakwera pansanja ya opambana, chikho tinachigwira ndi manja athu. Rajan ndinamuona akupukuta m'maso ndi nsanza ya girisi.

Nthawi imeneyo n'kuti nditapatsidwa tayala langalanga, lakumbuyo kumanzere. Ndifotokoze pang'ono kuti mumvetse zimene zikubwerazi. Tayala la galimoto ngati imeneyi silikhala ndi manati ambiri ngati la minibasi. Lili ndi nati imodzi yokha, yaikulu, pakati. Galimoto ikaima pa malo athu osinthira matayala, umamasula natiyo ndi mfuti ya mphepo, kuchotsa tayala, kulowetsa lina, kumanganso mpaka mfuti igunde m'manja mwako kuti yafika. Ukatsimikiza, umakweza dzanja. Dalaivala akaona manja onse ali m'mwamba, amanyamuka. Rajan anandiphunzitsa mwezi wathunthu asanandilole kugwira mfutiyo pa mpikisano.

Apa ndi pamene mutu unakula. Yunifomu ya timu ndinkaivala ngakhale pa ofu. Zithunzi pa intaneti tsiku lililonse, ine ndi chikho, ine ndi Namondwe. Kumudzi ankadziwa kuti Lufeyo ndi injiniya. Ku mapemphero a Lachisanu ngati ano ndinasiya kubwera. Anzanga olondera ndinkawaona ngati anthu ongoima. A Mwale awa, amene anandilandira pabwalo la ndege tsiku limene ndinafika, akandiimbira ndinkangoti, “Ndili bize, bambo, ndikuimbirani.”

Kenako kunabwera korona.

Mipikisano yonse inaimitsidwa. Namondwe tinamufunditsa chinsalu, galaja n'kutseka. Rajan anatsekeredwa kwawo kumene anapita kukaona banja, ndege kulibe. Abu Nasser sanandichotse ntchito, koma anati aliyense wogona kunja asalowe m'nyumba mwawo. Ndinatsala m'chipinda chathu ku Umm Ghuwailina, anthu ambiri, mabedi osanjikizana, palibe kopita.

Ndikanatha kukunamizani kuti ndinayamba kumwa chifukwa cha maliro kapena matenda. Ayi. Kwathu onse anali bwino. Chinandigwetsa ine ndi kukhala. Munthu amene ndinkadziona kuti ndine winawake ndinapezeka ndili chigonere pabedi lapamwamba, kuyang'ana denga, wopanda wondiitana dzina. M'chipinda choyandikana munali anyamata ena amene ankatcheza kachasu wa kuno uja amati sadiki. Mukumudziwa, musayang'ane pansi. Amabwera m'botolo la madzi akumwa, woyera mbee, ndipo palibe amene amadziwa zimene athiramo.

Ndinayamba ndi Lachinayi madzulo, poti kuno Lachisanu ndi tsiku lopuma. Kenako Lachisanu lomwe. Posakhalitsa sabata inalibenso maina a masiku. Ndinayamba kudzuka manja akunjenjemera, osatha kugwira kapu ya tiyi mpaka nditamwako kaye. Mkazi wanga, mayi a Tadala, akaimba pa vidiyo, ndinkazimitsa kamera n'kunena kuti netiweki ikuvuta. Foni ya a Mwale ndinaibuloka. Tsiku lina sadiki atasowa ndinamwa mankhwala opaka m'manja opewera korona aja, osakaniza ndi juwisi. Ndinasanza mpaka magazi. M'mawa mwake ndinapitanso kukagogoda kwa anyamata aja.

Miyezi itapita, zinthu zinayamba kutseguka. Rajan anabwerera. Akuluakulu a mipikisano analengeza kuti matimu akhoza kukayesa magalimoto kubwalo, opanda oonerera, aliyense atavala masiki. Foni yanga inalira, anali Rajan: “Yalla, tiye Lufeyo, mawa m'mawa.”

Masiki imeneyo ndinaikonda, abale. Inkabisa fungo. Inkabisa milomo youma. Ndinavala ziwiri, anthu n'kumati Lufeyo ndi wosamala.

M'mawa wa tsikulo manja ankanjenjemera kwambiri. Ndinadziuza kuti ndingomwa pang'ono kuti akhazikike. Ndinamwa m'bafa. Ndinamwanso m'chimbudzi cha kubwalo. Pamene dzuwa linkakwera, ine n'kuti ndikumva bwino kwambiri, ngati palibe chimene chingandikanike.

Nasser anafika akusangalala ngati mwana. Anasisita denga la Namondwe, anatigunda zigongono tonse popeza kugwirana chanza kunali koletsedwa, n'kulowa. Anazungulira kangapo, kenako Rajan anamuitana pa wayilesi kuti abwere tisinthe matayala mwachangu, ngati pa mpikisano weniweni.

Galimoto inaima. Ndinagwada. Ndinamasula, kuchotsa, kulowetsa latsopano. Ndinaika mfuti, n'kukoka. Inalira, koma sinagunde m'manja mwanga. Nati inalowa mopendama. Munthu wabwinobwino akanamva pompo, chifukwa ngakhale kulira kwake kumasiyana. Ine ndinaona anzanga atakweza kale manja, ndipo sindinafune kukhala womaliza. Ndinakweza langa.

Namondwe ananyamuka.

Kumapeto kwa msewu wowongoka wa bwalolo kuli kona yokhotera kumanja, imene galimoto imalowa ili pa liwiro loopsa, kulemera konse kutatsamira matayala akumanzere. Tinkaonera pa sikirini. Ndinaona chinthu chakuda chikuchoka pagalimoto n'kudumpha chokha kulowera kumchenga. Ndinachizindikira. Linali tayala langa. Namondwe anazungulira ngati nguli, fumbi kobo, n'kukamenya khoma ndi kumbuyo. Phokoso lake linatipeza mochedwa, ngati chitseko chachitsulo chomenyetsedwa kutali.

Rajan anakanikiza batani la wayilesi.

“Nasser.”

Zii.

“Nasser, yankha.”

Zii. Ambulansi inali itanyamuka kale. M'galaja monse munalibe wopuma. Mowa wonse unandithera nthawi yomweyo, ndinatsala ine ndekha, nditagwada pomwe paja, mfuti ili m'manja. Ndinapemphera pemphero limene ndinali ndisanapempherepo. Linalibe mawu ambiri. Ndinkangoti, “Asafe, asafe, asafe.”

“Nasser, habibi, mwana wanga, yankha.”

Wayilesi inakhosomola. Kenako mawu ofooka: “Ndilipo. Phewa. Galimoto yatha, Rajan, pepa.”

Iye ndi amene ankapepesa.

Rajan anaika wayilesi pansi. Sanathamangire kukona. Anayenda pang'onopang'ono kudza pamene ndinali, n'kuima patsogolo panga.

“Vula masiki.”

“Mudiri, bwana wanga, korona...”

“Vula.”

Ndinavula yoyamba. Ndinavula yachiwiri. Anawerama pang'ono, kununkhiza, n'kuwongoka. Sanandimenye, sanatukwane. Anangotenga mfuti m'manja mwanga ngati mmene umalandira mpeni kwa mwana, n'kutembenuka.

Apolisi ananditengera pomwepo. Kuno mukudziwa kuti kuledzera pakokha ndi mlandu, nanji wavulaza mwana wa bwana. Ndinakhala m'chitokosi masiku angapo. Kumeneko thupi linayamba kufuna zake. Thukuta, kunjenjemera, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma pomwe palibe. Anachita kundiitanira dokotala. Ndinkadziwa chimene chikubwera: ndende, kenako ndege, kukatsika ku Lilongwe ndi jumbo m'manja, mudzi wonse utamva kuti injiniya uja wabwera.

Tsiku limene ananditulutsa, panja ndinapeza a Mwale, ali mu yunifomu yawo ya ulonda. Munthu amene ndinamubuloka. Rajan ndi amene anawafunafuna.

“A Sitima, mwaonda,” anatero. “Tiyeni, akukufunani ku Al Messila.”

“Bambo, kumeneko sindingapite.”

“Mupita. Ine ndapempha ofu chifukwa cha inu. Tiyeni.”

Anatilowetsa m'chipinda cha alendo. Abu Nasser anakhala pakona, nkhope ili gwa, osandiyang'ana. Nasser anali pampando, mkono uli m'nsalu yokoleka m'khosi, phewa atalimanga ndi zitsulo m'kati. Ndinafuna kugwada, koma Nasser anandiletsa.

“Khala apa, Lufeyo. Ndikufuna uone chinthu.”

Anatsegula laputopu. M'galimoto ya mpikisano mumakhala kamera yoona zimene dalaivala akuona. Anaiyambitsa pamene anaima kuti tisinthe matayala. Ndinaona chiwongolero, magolovesi ake, ndi kagalasi kakumanzere. M'kagalasimo munali ine, nditagwada. Anaimitsa chithunzi pamene dzanja langa linali m'mwamba.

“Ukuona chiyani?”

“Dzanja langa, bwana.”

“Tayala ukuliona?”

“Ayi.”

“Inenso sindiliona. Ndikakhala m'menemo, andimanga malamba, chipewa chanditsekera, khosi silitembenuka. Matayala anga sindinawaonepo ndi kamodzi komwe. Ndimaona dzanja lakoli basi. Likakwera, ndimapita kukalowa kona ija osaganizanso kawiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikuyendetsa pa dzanja lako.”

Anayambitsanso vidiyo. Ndinapempha kuti azimitse, anakana. Ndinaonera zonse kuchokera m'kati: msewu wowongoka, injini ikukwera, kona ikubwera, kenako dziko lonse kuzungulira, kumwamba pansi, khoma. Chithunzi chitaima, munkangomveka kupuma kwake, kupuma kwa munthu amene akumva ululu ali yekhayekha, ndi mawu a Rajan akuitana dzina lake.

Abale, m'chitokosi ndinkalira, koma ndinkadzilirira ndekha: ntchito yanga, manyazi anga, ndege yanga. Pampando umenewo ndi pamene ndinalira koyamba chifukwa cha munthu wina. Nthawi yonse ndinkati mowa ndi nkhani yanga, thupi ndi langa, sindikulakwira aliyense. Kupuma kumene kuja kunandiuza kuti ndinkanama.

Abu Nasser analankhula koyamba. “Ine ndinafuna uwole m'ndende. Mwana wangayu wakana. Wakauza apolisi kuti sakudandaula. Khalasi, yatha. Koma m'nyumba mwanga ndi m'galaja mwanga usapondemonso.”

Nasser anawonjezera kuti, “Sindikukuthamangitsa m'dziko muno. Ukapite kuchipatala. Ukachira, udzandiuze.”

Za kuledzera zija zinathera pa chindapusa ndi chenjezo. Ndinatuluka pageti. A Mwale anandigwira pamkono, n'kunena kuti, “Mulungu wakubwezerani moyo kawiri, wanu ndi wa mwana uja. Tsopano tiyeni tikatenge chikwama chanu.”

Chimenecho ndicho chinali choyamba pa ulendo wanga wosiya mowa, ndipo amene muli m'madzi amene ndinalimo, mvetserani apa. Sindinagonenso ku Umm Ghuwailina. Tinapita tonse, iwo anaima pakhomo, ine ndinalonga. Anyamata a sadiki anatuluka n'kumati, “Amwene, imwani kamodzi kotsanzikira.” A Mwale anangowayang'ana, iwo n'kubwerera m'chipinda. Ndinakagona pa matiresi pansi m'fulati ya a Mwale kuno ku Bin Omran. Simungasiye mowa mukugona khoma limodzi ndi amene amautcheza. Musadziyese olimba. Samukani.

Kenako chipatala. Ine ndinkaopa kuti ndikanena zoona andigwiritsa. Dokotala amene ndinamupeza sanandifunse za polisi. Anandifunsa kuti ndinkamwa wochuluka bwanji, ndipo ndinanena zoona. Anandiuza kuti munthu amene wafika ponjenjemera akasiya yekha mwadzidzidzi akhoza kukomoka, ngakhale kufa. Anandipatsa mankhwala ndi masiku obwererako. Musakasiyire m'chipinda nokha mutadzitsekera. Pitani akakuoneni.

Chovuta kuposa zonse chinali foni ya kumudzi. A Mwale anaiyimba okha, kuyatsa kamera, kundipatsa, n'kutuluka panja. Mayi a Tadala atandiona anagwira pakamwa. Ndinawauza zonse, kuyambira botolo loyamba mpaka khoma. 

“Bambo a Tadala,” anatero, “ine ndimaganiza kuti mwapeza mkazi wina kumeneko. Miyezi yonseyi ndakhala ndikulira mkazi woti kulibe.”

“Palibe mkazi, mayi. Ndi mowa.”

“Ndiye muziyatsa kamerayo. Tsiku lililonse. Ngakhale muoneke ngati chiyani, ndizikuonani.”

Mpaka lero ndimayatsa.

Ntchito nayo inapezeka mwa chisomo. Zikanachitika kale, bwana akakutaya ndiye kuti ulendo wa kumudzi, pokhapokha akulembere kalata yokumasula. Koma n'kuti malamulo atangosintha kumene, munthu ukutha kusintha ntchito popanda kalata imeneyo. A Mwale anandithandiza kuchita zonse pafoni, ndipo ndinalowa pa shopu ina yomata matayala ku Industrial Area. Injiniya uja anabwerera pa mpira ndi guluu, matayala a mathiraki, dzuwa lili pamutu. Masabata oyamba ndinkabisa nkhope Mmalawi akadutsa. Kenako ndinazindikira kuti ndikugona tulo tabwino kuposa kale lonse. Lachinayi madzulo, nthawi imene khosi linkayamba kuyabwa, ndinkabwera kudzasesa chipinda chino ndi kuyala mipando ya mapemphero. Si kuti ndinali woyera. Ndinkangofuna manja akhale ndi chogwira mpaka nthawiyo idutse.

Ndinagwapo kamodzi, ndisakubisireni. Mnzanga wa kushopu anabwera ndi botolo, ndinamwa. M'mawa mwake ndinawauza a Mwale ndisanatsuke m'kamwa. Sanandilalatire. Anati, “Mwanena nokha, ndiye kuti sitinabwerere poyambira. Valani, tipite kwa dokotala.” Kuchokera tsiku limenelo sindinalawenso.

Chaka chitadutsa, pikapu ina inaima pashopu. Anatsika Rajan. Anayang'ana tayala la thiraki limene ndinkamanga, kuligwedeza, n'kundiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

“Namondwe wadzuka,” anatero.

Anandiuza kuti anamumanganso kuyambira pa mafupa. Kumbuyo konse kunali kwatsopano, giyabokosi ina, phiko lina. Ndipo pa tayala lililonse anaikapo kachitsulo kotchinga, koti nati ikapanda kufika, tayala lizigwedera koma lisachoke, dalaivala n'kumva msanga. Anati akanayenera kukaika kalekale. Phewa la Nasser linali litapola, ndipo ankafuna kukathamanga mpikisano wautali kudziko loyandikana nalo.

“Tikufuna wotsuka malimu a matayala ndi kuyeza mpweya. Mfuti sugwira. Abu Nasser wavomera movutikira. Ukufuna?”

Ndinati ndikufuna, koma ndinapempha chinthu chimodzi: agule kachipangizo kopumiramo kaja koyezera mowa, ndizipumiramo m'mawa uliwonse pamaso pa timu yonse. Rajan anati palibe amene wapempha zimenezo. Ndinati ndikupempha ndine.

Ku mpikisano umenewo ndinapita ngati wotsuka malimu. Mfuti ya tayala lakumanzere inali ndi mnyamata wa ku Nepal, ndipo ankaigwira bwino. Namondwe anayambira pakati, n'kumakwera pang'onopang'ono. Magalimoto atsopano, odula kuposa iye, ankatentha n'kumalowa m'magalaja, iye akungozungulira ndi mabowo ake a paboneti aja. Chakumapeto anali wachiwiri. Woyamba anachedwa posintha matayala komaliza, ife sitinachedwe. Nasser anadutsa pa mbendera ali patsogolo.

Anthu analumpha, kukumbatirana, kukuwa. Ine ndinakhala pansi kuseri kwa mulu wa matayala. Chimene ndinkamva sichinali chisangalalo cha chikho. Unali mpumulo. Galimoto imene ndinaiphwanya yamaliza, munthu amene ndikanamupha watsika yekha ndi miyendo yake, akuvula chipewa, akuseka. Anandifunafuna mpaka kundipeza kuseriko, n'kundikoka kuti ndikajambulitse nawo. Chithunzi chimenecho sindinachiike pa intaneti. Ndinangotumizira mayi a Tadala.

Namondwe anathamanganso chaka china chimodzi, n'kupuma, popeza malamulo a mipikisano anasintha ndipo zaka zake zinakwana. Timu ili ndi galimoto ina tsopano. Ine ndikadali komweko, ndikadatsuka malimu, ndipo ndikadapumira m'kachipangizo kaja. Mwezi wamawa ndikupita kutchuthi ku Balaka. Tadala akuti akandidikira pa depoti.

Tsono ndimalize ndi inu. Muno muli madalaivala amene mumanyamula ana a eni ake. Muli olondera amene anthu amagona chifukwa inu muli pageti. Muli alongo athu amene mumasiyiridwa makanda. Wina mwa inu wabwera akutafuna chingamu kuti tisamve, ndipo wakhala kumbuyo dala. Sindikutchulani, ndipo sindikuuzani kuti muimirire pamaso pa anthu. Ine mwayi wanga unali wakuti khoma lija linabweza munthu wamoyo. Sindingakulonjezeni kuti lanu lidzatero.

Tikatseka ndi pemphero, anthu azipita ku tiyi. Ine sindimwa nawo. Ndikhala panja, m'pikapu yoyera imene yaima pafupi ndi shopu ya telala. Ndaibwereka mpaka madzulo. A Mwale ayala kale matiresi awiri kwawo, ndipo dokotala uja amaona anthu mawa m'mawa. Simukuyenera kufotokoza chilichonse. Mungotsegula chitseko, kukhala, n'kundiuza kumene kuli chikwama chanu.

Ambuye akusungeni nonse. A Mwale, ndamaliza.